Zobisika m'madzi, m'nthaka ndi mumpweya: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amafunsidwa kawirikawiri ndi ophunzira a Fomu 4 amene akusankha zodzaphunzira ku yunivesite, alimi a m'madimba, a makomiti a mijigo ndi makolo amene ana awo akumera mano ofiira. Onse akukhudza phunziro limodzi, kemisitiri ya zachilengedwe.

Kodi phunziro limeneli limafufuza chiyani kwenikweni?

Limalondola chinthu chimene chatuluka m'manja mwa anthu kapena m'miyala, mpaka tidziwe kumene chathera. Taganizirani thumba la Urea la makilogalamu 50. Muli nayitirojeni wokwana makilogalamu 23, koma mukathira m'chimanga sikuti yense amalowa mu mbewu. Wina amauluka ngati mpweya wa ammonia, makamaka mukangomwaza pamwamba osakwirira dzuwa lili phwee. Wina tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa nitrate, ndipo nitrate sagwirana ndi dothi: mvula ikagwa amatsika nayo mpaka kukafika m'madzi a pansi, omwe aja timatunga pachitsime. Wotsalayo amakokoloka kupita kumtsinje.

Wophunzira kemisitiri imeneyi sakhutira ndi kungomva kuti "madzi awa ndi oipa". Amafuna kudziwa chimene chilimo, kuchuluka kwake, ndiponso mmene chakhalira, chifukwa chinthu chimodzi chimatha kukhala chofatsa kapena chakupha malinga ndi zomwe chagwirana nazo. Chromium amene amafufutira zikopa savuta kwenikweni, pamene m'bale wake wotchedwa chromium 6 amayambitsa khansa.

Madzi a pamjigo pathu ndi oyera mbee, sanunkha. Pali chifukwa chowayezera?

Chilipo, ndipo ndi chachikulu. Arsenic, mtovu, fluoride ndi nitrate sizioneka, sizinunkha, sizimveka pa lilime pa mlingo umene zimavulazira munthu.

Dziko la Bangladesh linaphunzira zimenezi mowawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kunakumbidwa mijigo mamiliyoni kuti anthu asiye kumwa madzi a m'maiwe amene ankapha ana ndi matenda otsekula m'mimba. Zinathandizadi, ana ambiri anapulumuka. Koma madziwo sankayezedwa arsenic mpaka mu 1993, pamene zinadziwika kuti anthu mamiliyoni ambiri akhala akumwa poizoni wochokera m'dothi lenilenilo, osati kufakitale. Arsenic sapha lero. Amayamba ndi mawanga pakhungu, zikhatho ndi mapazi kukhakhala, kenako khansa patapita zaka zambiri.

Chomvetsa chisoni kwathu kuno n'chakuti nthawi zina madzi ooneka oipa ndi amene ali abwinoko. Pali mijigo imene madzi ake amatuluka oyera, koma mukawasiya m'ndowa kwa ola limodzi amasanduka ofiira, pamwamba pali kamafuta konyezimira, pansi padikha dzimbiri. Chimenecho ndi chitsulo chosungunuka chimene chakumana ndi mpweya. Chimathimbiriritsa zovala ndi nsima, chimawawa m'kamwa, koma si choopsa kwenikweni, ndipo chimachoka madziwo akadikha n'kusefedwa. Komabe amayi ambiri amausiya mjigo wotere n'kubwerera kumtsinje, kumene kuli kolera.

Papepala la zotsatira alemba mg/L ndi µg/L. Zikutanthauzanji?

Mg/L ndi miligalamu pa lita imodzi ya madzi. Supuni yaing'ono ya mchere, pafupifupi magalamu 5, mutaisungunula m'thanki ya malita 5,000, mwapanga 1 mg/L. µg/L ndi yocheperanso ka 1,000.

Bungwe la WHO limalangiza kuti madzi akumwa asapitirire 50 mg/L ya nitrate, 1.5 mg/L ya fluoride, 10 µg/L ya arsenic ndi 10 µg/L ya mtovu. Pa nitrate chenjerani: ma labotale ena amalemba nayitirojeni yekha wa mu nitrate, ndipo akatero malire amakhala 11, osati 50. Munthu akhoza kuona 30 papepala n'kugona mtima uli m'malo pomwe madziwo adutsa malire pafupifupi katatu. Mawu akuti "sanapezeke" nawo amafuna funso lina: makina awo amayamba kuona pa mlingo wanji? Ngati amayambira pa 50 µg/L, sangakuuzeni kanthu za malire a 10.

Tikawiritsa madzi kapena kuthira Waterguard, zonsezi sizichoka?

Ayi. Kuwiritsa ndi kolorini zimapha tizilombo toyambitsa matenda, ndipo musasiye ngakhale tsiku limodzi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, kutanthauza kuti tizilombo ndi timene timapha msanga. Koma mtovu, fluoride, nitrate ndi mchere si zamoyo, siziphedwa. Mukawiritsa nthawi yaitali madzi amauluka, izo n'kutsala, ndiye zimachulukirako pang'ono mu lita iliyonse.

Nitrate amaopsa kwambiri makanda osakwana miyezi 6 amene akumwa mkaka wa m'chitini wosungunulidwa ndi madzi a pachitsime. Amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni, mwana n'kuyamba kuda milomo ndi zala. Gwero lake nthawi zambiri ndi chimbudzi chokumba, khola kapena munda wa feteleza pafupi ndi chitsime. Mamita 30 amene alangizi a zaumoyo amanena aja si lamulo lopanda mutu, ndipo pamalo amchenga kapena pamene madzi ali pafupi, mamita 30 amachepa.

Ana a m'mudzi mwathu ali ndi mano ofiira. Ena akuti ndi kusatsuka mkamwa. Zoona?

Ngati ana ambiri amene anakulira pa mjigo umodzi ali ndi mano amawangamawanga, oyera ngati choko kenako ofiira, vuto si mswachi. Ndi fluoride wochuluka. Amasungunuka kuchokera m'miyala, makamaka m'madera a chigwa chachikulu chimene muli nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, ndiponso pafupi ndi akasupe otentha. Ofufuza amupeza wokwera m'mijigo ina ku Nathenje, ku Liwonde ndi ku Nsanje. Wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira mkamwa. Akapitirira 1.5 mg/L amaononga mano akamapangika, mwana asanakwane zaka 8, ndipo banga limenelo silichoka moyo wonse. Akakwera kwambiri kwa zaka zambiri amalowa m'mafupa, msana ndi mawondo n'kuuma.

Muyezo wa dziko lino wa madzi a m'mijigo wa 2005, wotchedwa MS 733, unalola fluoride mpaka 6 mg/L, kanayi poyerekeza ndi wa WHO. Chifukwa chake n'chomveka: kutseka mjigo ndi kutumiza anthu kumtsinje. Koma dziko lathu ndi lotentha, anthu amamwa madzi ambiri, ndipo mjigo ukhoza kulembedwa kuti "wakhoza" uku ukuononga mano a ana. Ine ndimaona kuti komiti ya mjigo iyenera kuuzidwa nambala yeniyeniyo, osati mawu akuti wakhoza. Mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi imatha kusiyana kwambiri, ndiye anthu atadziwa akhoza kumwa wa fluoride wochepa, winawo n'kumachapira. Makala a mafupa a ng'ombe otenthedwa bwino amakokanso fluoride m'madzi, ndipo njirayi yagwiritsidwa ntchito ku Kenya ndi ku Tanzania.

Nanga madzi amchere a ku Chikwawa ndi Nsanje?

Amenewo lilime limawadziwa lokha. Madzi a pansi akhalitsa m'dothi lamchere kudera lotentha kumene ambiri amauluka. Kamakina ka m'manja koyeza mmene magetsi amadutsira m'madzi kamauza mlingo wake m'kamphindi, ndipo kayenera kukhalapo pokumba, mjigo usanamangidwe.

N'chifukwa chiyani mtsinje wa Mudi umada ndi kununkha, makamaka m'chilimwe?

Madzi a mtsinje wamoyo amasunga okosijeni pang'ono chabe, pafupifupi 8 mg/L kukatentha madigiri 25. Nsomba ndi nkhanu zimapuma yemweyo. Mukathiramo suweji, zotsalira za m'mafakitale a zakudya ndi zakumwa, magazi a kophera nyama ndi zinyalala za mumsika, mabakiteriya amayamba kudya, ndipo podyapo amamaliza okosijeni. Akatha, pamabwera mabakiteriya ena osafuna mpweya. Amenewa amatulutsa hydrogen sulphide, fungo la dzira lovunda lija, ndipo iye akagwirana ndi chitsulo cha m'matope amadetsa madzi kuti bii. M'chilimwe madzi osungunula zoipazo amachepa, kutentha kumachepetsanso okosijeni, ndiye mtsinje umabanika.

Mu labotale izi zimayezedwa ndi njira yotchedwa BOD. Madzi amatsekeredwa m'botolo, n'kusungidwa mumdima masiku 5 pa madigiri 20, kenako n'kuona okosijeni amene watha. Mtsinje woyera sufika 2 mg/L. Suweji yosakonza imafika mazana angapo.

Fungo limatha mvula ikabwera. Zimene sizitha ndi zitsulo monga mtovu, cadmium ndi chromium, zomwe ofufuza azipeza m'mitsinje ya mu Blantyre yodutsa m'madera a mafakitale. Zimamatirira ku matope n'kudikha pansi. Kumunsi kwa mtsinje womwewo anthu amathirira mpiru ndi tomato, ndipo cadmium amalowa mosavuta m'masamba.

Nyanja ya Malawi ndi yaikulu. Sizingasungunuke n'kutheratu mmenemo?

Ukulu wakewo ndi umene ukuchititsa mantha. Nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri amene imataya amachita kuuluka ndi dzuwa, kusiya zosungunuka zonse mmbuyo. Kuti madzi onse asinthike kudzera mu Shire pamafunika zaka mazana angapo. Chimene chalowa lero, adzukulu a adzukulu athu adzachipeza. Pansi pa mamita pafupifupi 250 mulibe okosijeni chaka chonse, choncho gawo limene chambo, usipa ndi kampango zimakhala ndi lapamwamba lokha.

Chimene chikulowa kwambiri panopa ndi dothi lokokoloka, lonyamula phosphorus ndi nayitirojeni wa m'minda. Zimenezi ndi chakudya cha ndere ndi namasupuni, yemwe uja amadzaza Shire pa Liwonde n'kumavutitsa makina a magetsi ku Nkula. Nyanja ya Chilwa ndiye ilibiretu potulukira. Zonse zimene Likangala watenga mu mzinda wa Zomba zimathera momwemo, ndipo ikaphwa monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, zimatsala m'matope.

Mgodi ukatsekedwa, vuto silitha?

Funsani anthu a ku Kabwe, ku Zambia. Mgodi wa mtovu ndi zinc wa kumeneko unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 n'kutsekedwa mu 1994. Lero, patadutsa zaka zoposa 30, dothi la m'makomboni oyandikira monga Kasanda, Chowa ndi Makululu likadali ndi mtovu, pena mamiligalamu masauzande pa kilogalamu imodzi. Mtovu ndi chitsulo, suwola ndipo suphwanyika kukhala china. Unagwa ndi utsi wa ng'anjo, ukuulukabe ndi fumbi la pa mulu wa zotsalira za mgodi, ndipo umakhala m'dothi la pamwamba limene ana amasewerapo.

Mwana wokwawa amagwira pansi, n'kuika dzanja m'kamwa. Thupi lake limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, chifukwa limauyesa calcium wofunika pomanga mafupa, ndipo limayamwa kwambiri mwanayo akakhala ndi njala kapena magazi ochepa. Umakafika ku ubongo umene ukukula. Mwana saoneka wodwala. Amangochedwa kulankhula, kusukulu zinthu sizilowa, aphunzitsi n'kumati ndi mbuli. WHO imati magazi a mwana akafika 5 µg pa desilita, gwero lake lifufuzidwe msanga, ndipo pa 45 pamafunika mankhwala ochotsa mtovu m'thupi. Ku Kabwe ana ambiri apezeka opyola 45. Mlingo wa mtovu umene tinganene kuti ndi wosavulaza mwana kulibe.

Ku Zamfara, ku Nigeria, mu 2010 ana oposa 400 anafa chifukwa makolo awo ankasinja miyala ya golide pakhomo, osadziwa kuti miyalayo ili ndi mtovu.

Kuno tilibe mgodi wa mtovu, koma tili ndi mabatire a galimoto ndi a sola amene akuchuluka m'midzi. Batire likafa, wina amaliswa kuseri kwa nyumba, asidi n'kumuthira pansi, timapale tamkati n'kutisungunula pa mbaula m'chitini, nkhuku zikutolatola pomwepo. Malo amenewo aonongeka kwa zaka zambiri. Penti ina yamafuta, makamaka yachikasu ndi yofiira, nayonso yapezeka ndi mtovu m'misika ya m'Malawi. Malire amene maiko ambiri akutsatira ndi 90 mg pa kilogalamu.

Ku Kafue anathira laimu asidi atatayika. Mtsinje unachira?

Pa 18 February 2025 dziwe la zotsalira za kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi malita mamiliyoni ambiri n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Laimu anathiridwa kuti aphe asidi, ndipo imeneyo inali nzeru yoyenera. Koma laimu sachotsa zitsulo. Amangozisandutsa zosasungunuka kuti zidikhe pansi. Madzi a pamwamba amayera, pH (muyezo wa asidi, umene umatsika asidi akachuluka) n'kubwerera mwakale, koma mkuwa ndi zinzake zili m'matope, kudikira madzi osefukira kapena asidi wina kuti zidzukenso. Woyeza madzi okha osayeza matope ndi nsomba waona theka la nkhani.

Ngakhale popanda ngozi, miyala ya sulphide ikafukulidwa n'kukumana ndi mpweya ndi mvula imapanga yokha asidi. Migodi yakale ya golide yozungulira Johannesburg ikutulutsabe madzi otere. Pamene Malawi akulowa m'migodi ku Kayelekera, ku Kangankunde, ku Kasiya ndi ku Songwe Hill, chinthu choyamba chofunika n'kuyeza madzi, dothi ndi fumbi ntchito isanafike patali, ndipo zotsatirazo mafumu ndi makhonsolo akhale nazo m'manja. Popanda manambala a poyamba, tsiku la mlandu palibe amene angatsimikize kuti chinthu chasintha.

Okumba golide amati mercury ndi wochepa, amangouluka. Vuto lili pati?

Kuulukako ndiye vuto loyamba. Amasakaniza mercury ndi mchenga wa golide, n'kuotcha kampira kakeko pa supuni kapena pa fosholo. Nthunzi yake ilibe fungo, ndipo wootchayo, mkazi wake ndi mwana ali kumbuyo onse amaipuma. Imaononga ubongo ndi impso. Manja amayamba kunjenjemera. Njirayi ndi yofala ku Zimbabwe ndi ku Manica, ku Mozambique.

Vuto lachiwiri limachitika m'matope a mumtsinje, momwe mabakiteriya amasandutsa mercury kukhala methylmercury. Ameneyu thupi silimutaya msanga. Kansomba kakadya tizilombo, nsomba yaikulu n'kudya tinsomba tambirimbiri, amachulukirachulukira, mwakuti madzi akhoza kukhala ndi wochepetsetsa koma nsomba yodya zinzake ili ndi wambiri. Ku Minamata, ku Japan, fakitale ya Chisso inkataya zoipa zake m'nyanja, ndipo mu 1956 madokotala anazindikira nthenda yachilendo pakati pa mabanja a asodzi. Amphaka ndi amene anayamba kugwa. Ana ena anabadwa olumala kwa amayi ooneka athanzi. Pangano la maiko lochepetsa mercury la 2013 linatenga dzina la mzinda womwewo.

Akuti feteleza amapha nthaka. N'zoona?

Samapha, koma Urea ndi Sulphate of Ammonia amawonjezera asidi m'nthaka chaka ndi chaka, pamene tizilombo tikusandutsa ammonium kukhala nitrate. pH ikatsika pansi pa 5.5, aluminium wa m'dothi amasungunuka n'kuotcha nsonga za mizu, ndipo phosphorus amene mwagula ndi ndalama zanu amamangika, mbewu osamupeza. Mlimi amaona chimanga chikufiira, n'kuwonjezera feteleza, vuto n'kukula. Mankhwala ake ndi laimu, manyowa, kukwirira mapesi m'malo mootcha, ndi kasinthasintha ndi nyemba, soya kapena nandolo. Koma yambani mwayezetsa dothi. Malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe amagwira ntchito imeneyi.

Nanga mankhwala opopera mbewu amathera kuti?

Zimatengera mtundu. DDT amakhala m'dothi zaka zambiri, amasungunuka m'mafuta, ndipo amapezeka mpaka mu mkaka wa m'mawere. Pangano la Stockholm la 2001 linamuletsa pa ulimi, n'kumusiyira mpata wochepa polimbana ndi udzudzu. Amasiku ano monga dimethoate amaphwanyika m'masiku kapena masabata, koma ndi aukali pa nthawi yopopera: amasokoneza mitsempha, munthu n'kuyamba thukuta, dovu, kusanza ndi kubanika. Cypermethrin amapha nsomba pa mlingo wochepetsetsa, choncho kutsuka sipuleya mumtsinje n'kupha chakudya cha anthu a kumunsi.

Pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole. Masiku amenewo ndi nthawi imene mankhwalawo amafunika kuti aphwanyike. Tomato wopopera madzulo n'kupita naye kumsika mmawa, ali mbuu ndi Dithane, sanapatsidwe nthawiyo. Ndipo chigubu cha mankhwala chisasanduke cha mafuta ophikira kapena cha thobwa, chifukwa pulasitiki imamwa mankhwalawo. Chitsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, n'kuchiboola.

Kumudzi kulibe mafakitale. Mpweya ungaipe bwanji?

Lowani m'khitchini ya udzu m'mawa wa mu June, nkhuni zili zaziwisi. Denga lada ndi mwaye, maso akutuluka misozi, mayi waweramira pa mafuwa akuuzira moto, mwana ali kumsana mutu uli mu utsi momwemo. Mu utsi umenewo muli tinthu tosaoneka totchedwa PM2.5, tochepa kwambiri mwakuti mphuno sititsekereza. Timafika pansi pa mapapo mpaka m'magazi. WHO mu 2021 inaika malire a 15 µg pa kiyubiki mita pa tsiku. M'khitchini ya nkhuni mlingo umafika mazana. Bungwe lomwelo linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse.

Mbaula zamakono zimapulumutsa nkhuni, ndipo n'zabwino. Koma kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, wokhudza ana oposa 10,000, sanapeze kuti mbaula zochepetsa utsi zachepetsa chibayo. Mwa zina, mwana amapumanso utsi wa kwa aneba, wa zinyalala ndi wa kutchire. Apa mpamene kuyeza kumathandiza: chinthu chimene tonse tinkachiyesa yankho chinapezeka kuti pachokha sichikwanira.

Makala ali ndi msampha wina. Alibe utsi wambiri, koma amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 ndi kupitirira. Mbaula isagone m'chipinda chotseka, ngakhale makala akuoneka kuti azima. Mutu ukayamba kuwawa anthu onse m'nyumba nthawi imodzi, tulukani.

Kutentha zinyalala zosakanizika ndi mapulasitiki, makamaka mapaipi ndi makoko a mawaya a PVC, kumapanga poizoni wotchedwa dioxin chifukwa moto wa padzala sutentha mokwanira. Dioxin amagwera pansi, nkhuku n'kutola, n'kupezeka m'mazira. Kukolezera moto ndi jumbo n'kubweretsa utsi woipa pamphika penipeni. Majumbo opyapyala osafika ma micron 60 analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza mu 2019, koma akadali mbwee m'misika. Ku Mufulira, ku Zambia, vuto linali la mtundu wina: sulphur dioxide wa ku ng'anjo ya mkuwa, amene anthu a ku Kankoyo amamutcha senta, ankabanikitsa anthu, kudya malata ndi kuumitsa mbewu.

Kodi kuyezaku kunayamba kwasinthapo kanthu?

Kwambiri. Mtovu unayamba kuthiridwa mu petulo mu 1923. Clair Patterson, wa ku America, sankafufuza za thanzi. Ankayeza zaka za dziko lapansi pogwiritsa ntchito mtovu wa m'miyala, ndipo mu 1956 anapeza zaka 4.55 biliyoni. Chinamuvuta n'chakuti chilichonse chimene ankayeza chinali chodetsedwa kale ndi mtovu wochokera kwina. Analondola gwero lake m'madzi a m'nyanja zazikulu ndi m'madzi oundana a ku Greenland, n'kuonetsa kuti ukuchokera ku utsi wa galimoto. Makampani a mafuta analimbana naye, koma manambala ake anaima. Maiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika 2006, ndipo Algeria, dziko lomaliza, inasiya mu 2021. Ku America mtovu wa m'magazi a ana unatsika ndi magawo oposa 90 pa 100.

Ndikufuna kuphunzira zimenezi. Ndiyambire pati?

Limbikirani Chemistry, Masamu, Biology ndi Physics pa MSCE. Masamu musawapeputse, chifukwa ntchito yambiri ndi kuwerengera. Maphunziro a kemisitiri, madzi, nthaka ndi zachilengedwe amapezeka ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS, ku LUANAR, ku Mzuni ndi ku MUST, ndipo ku Zambia ku UNZA ndi ku Copperbelt University. Ntchito zimapezeka m'mabungwe a madzi, ku Malawi Bureau of Standards, ku MEPA (bungwe la boma loteteza zachilengedwe), m'migodi, m'mafakitale ndi m'mabungwe okumba mijigo.

Muyembekezere kuti theka la ntchito ndi matope ndi kutsuka mabotolo. Makina monga AAS woyezera zitsulo kapena GC-MS woyezera mankhwala a mbewu amayankha pa chimene mwawapatsa; sampulo ikaipa, yankho laipa. Pamjigo mumayamba mwapopa kanthawi kuti madzi ogona m'mapaipi achoke. pH ndi okosijeni zimayezedwa pomwepo chifukwa zimasintha panjira. Botolo la zitsulo limadonthezedwa asidi wa nitric kuti zitsulozo zisamatirire m'mbali, lina limalowa m'bokosi la ayezi. Mumanyamulanso botolo la madzi oyeretsedwa kuchokera ku labotale, kulitsekula kumaloko n'kubwerera nalo. Likapezeka ndi mtovu, ndiye kuti mwadetsa ndinu, zotsatira zonse n'zokayikitsa. Khalidwe lofunika koposa n'kulemba nambala imene yatuluka, ngakhale isakomere amene walipira.

Ife a komiti ya mjigo tikufuna kuyezetsa madzi athu. Titani?

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi ofesi ya zamadzi ya paboma. Iwo amalumikizana ndi labotale ya boma ya zamadzi ku Lilongwe. Malawi Bureau of Standards ndi mayunivesite nawonso amayeza polipira. Musatenge madzi m'botolo la zakumwa n'kuyenda nawo masiku awiri pa dzuwa. Pemphani botolo lawo ndi malangizo awo, kapena abwere okha. Nenani chimene chikukudetsani nkhawa, kaya ndi mano a ana, chimbudzi choyandikira, mgodi kapena munda wa fodya, chifukwa labotale imayeza chokhacho chimene yapemphedwa. Yezetsani kawiri, m'dzinja ndi m'chilimwe, popeza madzi a pansi amasintha ndi nyengo.

Ofufuza akabwera kudzatenga madzi m'mudzi mwanu, afunseni dzina la bungwe lawo ndi tsiku limene adzabweretse zotsatira. Zikabwera, pemphani pepala lokhala ndi manambala, tsiku ndi malo amene anatenga, wina akufotokozereni pamsonkhano wa mudzi, ndipo mlembi alisunge m'buku la komiti kuti mudzafanizire ndi la chaka chamawa.